Wotchi Inagona kwa Wophika

Kunena zoona, Tsabola sanali munthu wansanje. Pakamwa pokha ndiye panali poyabwa, n'chifukwa chake anzake anamupatsa dzina limeneli akadali kusukulu, koma nsanje ayi. Chibwenzi chake chinali mwamuna wa m'sitima yapamadzi, ndipo mkazi wansanje sangapirire munthu amene amachoka miyezi n'kubwera atanenepa, iwe osadziwa kuti wamudyetsa ndani. Iye anapirira. Anthu akamamuseka kuti amuna a m'sitima ali ndi mkazi padoko lililonse, ankawayankha kuti, “Wanga ali ndi injini basi, ndipo injiniyo ndi nkhalamba.”

Mwamunayo ankamutchula kuti Girizi, chifukwa zikhadabo zake sizinkayera ngakhale azikweche ndi sopo wamtundu wanji. Ankagwira ntchito pansi penipeni pa sitima yonyamula katundu, kumene kumakhala makina. Sabata imeneyi sitimayo inali padoko, ndipo chimene Tsabola anachimenyera nkhondo chaka chathunthu chinali chitatheka: amayi ake anavomera kuti Lamlungu masana mnyamatayo abwere kunyumba adzamuone. Anavomera ndi pakamwa pokha, mtima ayi. Bambo ake a Tsabola nawonso anali a m'sitima, ndipo ulendo wina anapita osabweranso. Osati kuti anamira, ayi ndithu, anakakwatira kwina. Choncho amayiwo ananeneratu poyera kuti, “Ndimuona kamodzi. Ndikangomva kafungo ka bambo ako pa iye, usadzamutchulenso m'nyumba muno.”

Ofesi ya Tsabola inali pamwamba pa nyumba yosanja, moyang'anana ndi doko. Makampani angapo a sitima anagwirizana kuti aliyense wogwira ntchito panyanja azivala wotchi yapadera, yoyeza tulo ndi kugunda kwa mtima, yosonyezanso chipinda chimene munthu ali, kuti wina akagwa kapena kukomoka apezeke msanga. Zonse zimene mawotchiwo ankatumiza zinkathira m'nkhokwe imodzi ya makampani onse. Zikaoneka kuti m'sitima yakutiyakuti anthu sakugona, aliyense ankadziwa kuti ngozi ili panjira, ndipo sitimayo inkaimitsidwa. Tsabola ankangoona manambala opanda mayina. Mayinawo ankawachotsa munthu mmodzi yekha, bambo wosakwatira, wonunkhira ngati sitolo ya mafuta odzola, amene anthu ankangowatchula kuti a Tayi chifukwa tayi sinkachoka pakhosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Bambo ameneyu anafunsirapo Tsabola n'kukanidwa, anabwerezanso n'kukanidwanso, koma sanasiye kunyamula amayi ake a mtsikanayo pagalimoto popita kutchalitchi.

Lachisanu m'mawa a Tayi anabwera n'kudzakhala pakona ya desiki yake osapemphedwa.

“Ndamva kuti Lamlungu kwanu kuli mlendo.”

“Mwamva kwa ndani?”

“Kwa amayi. Amandiuza zambiri, mukudziwa.”

“Ndiye mwamva zoona. Mwakhalira mapepala anga.”

Iwo sanasunthe. Anakonza tayi, n'kutsitsa mawu ngati munthu wodzanena za maliro. “Ine si munthu wolowerera za eni, mumandidziwa. Koma pali kanthu kandisowetsa mtendere. Mnyamata wanu uja amagona bwino kwambiri.”

“Si zimene timafuna? Nanga ofesi ino ntchito yake n'chiyani?”

“Kugona n'kwabwino, sindikukana. Funso ndi lakuti amagona kuti.”

Apa Tsabola akanayenera kuwapirikitsa, ndipo iye mwini ankadziwa zimenezo. Koma mtima ndi chitsiru, abale. Miyendo inanyamuka yokha n'kuwatsatira mpaka kukachipinda kawo kozizira, kumene anamutembenuzira kompyuta. Pamwamba panali dzina la Girizi, dzina lake lenileni la pachiphaso. Pansi pake panali mizere ya tulo, yosalala bwinobwino, usiku ndi usiku. A Tayi analoza ndi cholembera pambali, pamene pamaoneka malo.

“Ichi si chipinda cha anyamata a kumakina,” anatero. “Ndi cha wophika. Ndipo wophika wa sitima imeneyi si mwamuna.”

Tsabola anasendera pafupi ndi kompyutayo. Anayang'ananso, mwina maso amunamiza. Silinali tsiku limodzi loti munthu anganene kuti anadwala n'kukapempha mankhwala. Unali pafupifupi ulendo wonse.

“Mwaswa lamulo,” anatero Tsabola. “Anthu aja anavomera kuvala mawotchi chifukwa tinawalonjeza kuti palibe adzawasuzumire.”

“Ndaswa, inde. Nanga ndikanatani, kumangoonerera mwana wa mayi amene ndimawalemekeza akugwera m'mbuna?”

“Makina amalakwitsa.”

“Wonama ndi munthu, Tsabola. Wotchi ilibe chibwenzi, ilibe m'bale. Si ndinu amene mumatero pamisonkhano?”

Analidi mawu ake. Tsabola anatembenuka n'kutuluka.

* * *

Masana anakumana pamalo awo a masiku onse, kakantini ka pafupi ndi geti la doko, ka matebulo apulasitiki ogwedera. Girizi anafika atavala ovololo, akumwetulira mano onse panja, dzanja lamanzere litakulungidwa bandeji.

“Ichi n'chiyani?” anafunsa Tsabola.

“Paipi yotentha. Inandipatsa moni.”

“Sunaione?”

“Ndinaiona mochedwa.” Anakhala pansi n'kukoka kapu ya tiyi. “Iwe, ndabwereka jekete ya Lamlungu. Manja ake ndi aafupi, koma ndikamapinda mikono chonchi amayi sazindikira.”

Likanakhala tsiku lina, Tsabola akanaseka mpaka misozi. Lero anangomuyang'ana ngati wogula amene akukayikira sikelo.

“Kodi m'sitimamo mumagona bwino?”

“Aa, lero ndasanduka bwana woti ‘mumagona’? Ndalakwanji ine?”

“Yankha.”

“Ngati khanda,” anayankha mofulumira, n'kukokera dzanja la ovololo pamwamba pa wotchi yake. Tsabola anaona zimenezo.

“Nanga wophika wanu ndi munthu wotani?”

“Mapoto? Ndi munthu wabwino kwambiri. Pakanapanda iye bwenzi tonse titatha kalekale.”

“Bwanji sunandiuzepo kuti ndi mkazi?”

“Sunandifunse.”

Yankho la amuna onse a padziko lapansi! Tsabola anadziuza kuti pagulu pano sachita manyazi. Anayamba kulongosola za Lamlungu maso ali m'kapu: kuti asachedwe, kuti amayi sakonda munthu wolowa m'nyumba ndi chipewa kumutu, kuti akamufunsa za kwawo asachulutse nthabwala. Atatukula maso anapeza munthu wagona, chibwano pachifuwa, tiyi akuzizira. Masaya olowa, kunsi kwa maso kwakuda. Ameneyu ndiye amagona ngati khanda? Mkazi wodekha akanaima pamenepa n'kuona kuti zinthu ziwirizi sizikugwirizana. Koma nsanje siwerengera, imangothira palafini pamoto.

Kenako foni ya Girizi inanjenjemera patebulo, galasi n'kuwala. Sanaigwire, Mulungu ndi mboni, anangowerenga zimene zinaonekera zokha. Unali uthenga wochokera kwa Mapoto: “Lero usachedwe. Dzulo unandidikiritsa mpaka tulo tinandipeza. Ugogode pang'onopang'ono.”

Tsabola ananyamula chikwama chake n'kumusiya pomwepo akuliza mkonono. Asanafike n'kuofesi komwe, mauthenga anayamba kugwa ngati matalala.

“Wathawiranji?”

“Pepa ndinagona, ndatopa.”

“Tsabola, yankha. Ndakulakwira chiyani?”

Anamuyankha kamodzi kokha: “Kagogode pang'onopang'ono.” Atatero anazimitsa foni, n'kukadzitsekera kubafa ya kuofesi, kumene analira mokwanira.

* * *

Kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho Loweruka m'mawa Tsabola anaganiza zokadzionera yekha mkaziyo. Sanavutike kumupeza. Ophika a m'sitima amagula masamba pamsika wa kuseri kwa doko, ndipo mayi wogulitsa anyezi atafunsidwa anangoloza ndi chibwano.

M'njira monse Tsabola ankapemphera kuti akapeze nkhalamba yothothoka mano. Kalanga ine! Anapeza mkazi wa msinkhu wake womwe, wamtali, wa khosi losalala, woseka ndi thupi lonse, akukangana ndi wogulitsa kabichi ngati akusewera. Anavala malaya a manja aatali ngakhale kunja kunkatentha.

“Ndinu a Mapoto?”

Mkaziyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. “Ndipo inu ndinu alamu anga. Chithunzi chanu chili pakhoma kumakina, chinada ndi utsi. Mundimenyera pompano, kapena tipite poduka mphepo?”

“Musanditchule alamu, sindikukudziwani. Mwamuna wanga amadzatani m'chipinda mwanu?”

“Chifukwa cha kauthenga kaja? Girizi anandiuza kuti munakaona. Asisi, m'sitima anthu amagogoda pa zifukwa zambiri.”

“Si uthenga wokha. Wotchi yake imagona kwanu. Ndaona ndi maso angawa.”

Kuseka kunathera pomwepo. Mapoto anayang'ana uku ndi uku, anamugwira pamkono n'kumukokera kuseri kwa mulu wa makatoni. “Mwaona? Ndiye kuofesi kwanuko mumaona mayina athu? Munabwera m'sitima ndi mawu okoma kuti mulibe mayina!”

“Wina anatsegula. Ndiyankheni funso langa.”

“Mayo ine, tatha.” Mapoto analuma mlomo. Kenako anamasula mabatani, n'kupinda manja a malaya mpaka m'zigongono. Mikono yonse iwiri inali mizeremizere, khungu lotupa, pena losupuka, ngati munthu amene anamangidwa zingwe.

“Zimene zimagona m'chipinda mwanga ndi mawotchi, asisi, osati eni ake. Sitima yathu ili ndi anthu ochepa, ndipo injini ndi yotheratu. Anyamata a kumakina amagwira usana ndi usiku. Wotchi ikanena zoona sitima iimitsidwa, ndipo bwana wa kampani anatiuziratu kuti ikadzangoima, tonse tidzatsika kuti akwere ena odziwa kugona. Ndiye poti ine ndimagona nthawi yake, amene waona kuti lero salawa tulo amandibweretsera yake. Ndimavala m'mikono, zikachuluka m'miyendo momwe. Ndimagona ngati munthu wogulitsa mawotchi. M'mawa aliyense amadzatenga yake itapuma bwinobwino, mwini wake ali dzandidzandi.”

Tsabola anasowa chochita, kuseka kapena kulira. “Kaputeni akudziwa?”

“Kaputeni amayang'ana nyanja.”

“Nanga bwanji ya Girizi ili kwanu pafupifupi masiku onse?”

“Chifukwa ndiye sagona n'komwe. Injini ikatsokomola, aliyense amaitana iye. Paipi ija anaigwira ali m'tulo choimirira. Akanagwera kutsogolo pang'ono, bwenzi pano mukugula nsalu yakuda.”

Tsabola anatsamira makatoni. Anamva mtima kupepuka, anamvanso manyazi, koma mantha ndi amene anaposa zonse. Dzulo lomweli anamusiya munthu wotopa chotere ali yekha patebulo, n'kumutumiziranso mawu oluma.

“Pepani,” anatero. Mawu amenewa sankamutuluka kawirikawiri.

“Musandipepese ine, mukapepese mwini wake.” Mapoto anatsitsa manja a malaya n'kumanga mabatani. “Koma musadzitame kwambiri, alamu. Mwamuna uja ndi wabwino, ndipo miyezi ya pamadzi ndi yaitali. Inenso ndine munthu, ndili ndi maso. Tsiku limene mudzamutaye, sadzafika n'pansi pomwe.”

Ananena akuseka, n'kubwerera kwa wa kabichi uja. Tsabola sanathe kudziwa ngati zinali nthabwala.

* * *

Girizi anamupeza Tsabola masana pabenchi ya pansi pa mtengo, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Mapoto anali atamuuza kale zonse, ndipo ulendo uno sanabwere ndi mano panja. Anakhala kumapeto kwa benchi, pakati n'kusiya malo oti munthu wina n'kukwanapo.

“Ndiye unakhulupirira,” anatero.

“Unandinamiza, Girizi.”

“Ndikanakuuza bwanji? Umagwira ntchito kwa anthu omwe tikuwabisirawo.”

“Ife si adani anu!” Tsabola anatembenuka, mkwiyo wadzukanso. “Nkhokwe ija tinaipanga kuti mukatopa zidziwike, awonjezere anthu. Sitima ya kampani ina inaimitsidwapo, lero anthu ake akusinthana bwinobwino. Inu mukudyetsa makina bodza, ndiye kwathu sitima yanu ikuoneka yabwino kuposa zonse. Ukudziwa kuti makampani ena ayamba kufunsa kuti mumakwanitsa bwanji ndi anthu ochepa chonchi, kuti nawonso achepetse? Simukudzipha nokha, mukuphetsanso anzanu amene simukuwadziwa. Lero ndi dzanja. Mawa udzagonera chiyani?”

Girizi anasisita bandeji. Galimoto yonyamula makontena inadutsa, fumbi n'kuwakuta.

“Zonse ukunenazi n'zoona,” anatero pamapeto pake. “Koma asanawonjezere anthu adzayamba achotsa ife. Makampani amene amagawana manambalawa amagawananso mayina, kungoti mayinawo amauzana pakamwa. Wonamiza wotchi sakweranso sitima ina iliyonse. Mkulu wathu wa kumakina mkazi wake ndi wodwala, ana ali pasukulu. Wina uja kwawo kwangobadwa mwana, sanamuonebe. Tinalumbira tonse, Tsabola. Woulula wapha anzake.”

“Nanga ukafa iwe, ine ndidzakwatiwa ndi lumbirolo?”

Apa anamwetulira pang'ono, n'kusendera pafupi. “Ndipirire ulendo umodzi wokha. Tikabwera tidzakwera masitepe a ofesi yako tonse pamodzi, Mapoto patsogolo ndi mikono yake ija. Tikanena tonse sangatimeze. Koma mmodzi kuseri kwa anzake, ayi. Lonjeza kuti suuza munthu.”

“Ngakhale amayi?”

“Ngakhale mtsamiro wako.”

Analonjeza, mtima usakufuna. Ankamukonda, ndipo chikondi chimasainitsa munthu zinthu zoti ali bwinobwino sangavomere.

“Anatsegula dzina langa ndani?” anafunsa Girizi.

“A Tayi.”

“Bambo wa galimoto ya kutchalitchi uja?”

“Omwewo. Anatsegula lako lokha, chifukwa ankasaka iwe. Za anzako sanaone. Akangodziwa, Lolemba nkhani ili kwa mabwana. Ndi ntchito yawo, ndipo adzaigwira akuvina.”

“Ndiye asadziwe.” Anayasamula mpaka nsagwada kulira. “Tandiuzanso za chipewa zija. Dzulo ndinangomva poyambira.”

Tsabola anayambanso kulongosola. Asanafike patali anamva mutu wolemera ukutsamira paphewa pake. Ulendo uno sanachoke. Anakhala phee, phewa likuchita dzanzi, akuingitsa ntchentche pa bandeji.

* * *

Lamlungu anakolopa pabalaza mpaka simenti kuwala, anayala nsalu yoluka patebulo, n'kutulutsa makapu a alendo amene amakhala m'kabati chaka chonse. Amayi anachedwa kubwera kutchalitchi, ndipo sanabwere okha. A Tayi analowa pambuyo pawo atawanyamulira chikwama, n'kukakhala pampando waukulu wa pafupi ndi zenera ngati anaugula okha.

“Amayi, lero tili ndi mlendo,” ananong'ona Tsabola.

“Awa si alendo, ndi a pakhomo pano. Akhala.”

Nkhope ya amayiwo inali itauma gwa. Tsabola sanafunikire kuuzidwa chimene chinakambidwa m'galimotomo. Anawatsatira kukhitchini n'kutseka chitseko.

“Zimene akuuzanizo sizili choncho, amayi.”

“Ndiye zili bwanji?”

“Sindinganene. Koma ndikhulupirireni.”

“Inenso ndinkatero, mwana iwe. Azakhali ako akandiuza za bambo ako, ndinkati ‘sizili choncho’. Ndinatero mpaka tsiku limene ndinalandira chithunzi cha ukwati wawo.” Anatsegula chitseko. “Tenga tiyi. Ayankha yekha, ali ndi pakamwa.”

Girizi anagogoda pa nthawi yake, chipewa chili kale m'manja, jekete yobwereka itathera pamwamba pa mfundo za manja. Ananyamula jumbo ya malalanje. Anapereka moni mwaulemu wonse, kwa amayi, kenako kwa a Tayi, amene anangopereka nsonga za zala. Malalanjewo amayi sanawayang'ane n'komwe.

“Khalani pansi, bambo. Ine sindizungulira. Mwamuna wanga anandinamiza zaka zambiri ndi nkhope yofatsa ngati yanuyi. Ndikufunsani funso limodzi, pamaso pa mwana wanga ndi pamaso pa bambo awa amene aona ndi maso awo. Akuti wotchi yanu imasonyeza kuti mumagona m'chipinda cha mkazi wophika. Ngati pali chifukwa china, chineneni pompano, ndimva, ndipo mwana wanga ndikupatsani ndi manja awiri. Ngati palibe, chitseko ndi icho.”

A Tayi anaweramira kutsogolo, zigongono pamawondo. “Inde, fotokozani, achimwene. Inenso ndikufuna kumva. Mwina makina athu ndi amene ali ndi vuto, sindingakane. Ngati ndi choncho, mawa m'mawa nditsegula za sitima yonse, munthu mmodzimmodzi, tione bwinobwino pamene palakwika.”

Khoswe wakhala pamkhate! Tsabola anauona msamphawo. Anamuyang'ana Girizi, ndipo chamumtima ankakuwa kuti nena, nena zonse, anzakowo adziwa okha chochita, usanditaye ine chifukwa cha mawotchi. Amayi anali atatsegula khomo limene sanalitsegulirepo munthu. Ankangofunika kunena zoona basi.

Girizi anayang'ana dzanja lake la bandeji. Anayang'ana a Tayi. Kenako anatukula mutu n'kuwayang'ana amayi m'maso.

“Makina alibe vuto, mayi,” anatero. “Bwana, musavutike kutsegula za anthu ena, iwo sizikuwakhudza. Ndinkagonadi kumeneko.”

“Ndi mkaziyo?”

“Ndi mkaziyo. Panyanja pamasungulumwa, mayi. Munthu umafuna wokufunsa kuti wadya. Ndinalakwa.”

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo chodabwitsa n'chakuti m'maso mwawo munali misozi.

“Zikomo chifukwa simunandizunguze,” anatero. “Bambo ake sanafike n'pamenepo. Tsopano tulukani, ndipo mwana wanga mumuiwale.”

“Amayi!” Tsabola anaimirira, sipuni n'kugwera pansi. Onse anatembenukira kwa iye, a Tayi makutu ali tcheru. Mawu anali kale pamlomo. Koma Girizi anapukusa mutu pang'ono chabe, moti anaona ndi iye yekha, ndipo Tsabola anakumbukira lonjezo lija.

“Ukuti chiyani?” anafunsa amayi.

“Palibe.”

Girizi anaika malalanje pambali pa mpando, anawerama, n'kutuluka. A Tayi anakoka tipoti ngati mwini nyumba. “Shuga ndikuthirireni, mayi? Musadandaule, Mulungu amaulula zinthu pa nthawi yake.”

Tsabola anathamangira pakhonde. Girizi anali atafika kale pageti, akuyenda osacheuka. Tsabola anaima pakhondepo akumuyang'ana. Ankadziwa kuti linali bodza. Mikono ya Mapoto anaiona yekha, chifukwa chake anachimva ndi makutu ake, ndipo munthu uja anali atangotaya ukwati kuti anzake asataye ntchito. Anayenera kumukonda kuposa kale, ndipo ankamukondadi mpaka pachifuwa kuwawa.

Koma anaphunzira kuti kunama mosalala chonchi? Sanaphethire, sanachite chibwibwi, mawu sananjenjemere. Kungovomera kunali kokwanira kuti a Tayi akhutire. Za kusungulumwa zija, za munthu wokufunsa kuti wadya, anamufunsa ndani? Mawu otere munthu sawatola panjira.

Pakona ya msewu Girizi anaima, anatulutsa foni n'kuiika kukhutu, ndipo anayamba kuyankhula ndi wina wake akulowera njira ya kudoko. Tsabola anayang'ana foni yake m'manja. Sinalire. Mwamuna uja anali atanamiza mmodzi wa iwo, amayi kapena iye, ndipo sitima inali yoti inyamuka mawa.